Mlangizi Wosakhala Pansi

"Mukangokhala kumudzi osadziwana ndi akuluakulu, mayi, mudzakalambira pa njinga."

Anali pamzere wa tiyi, pamsonkhano wa alangizi a zapakhomo. Mayi waimvi sankamudziwa mtsikana wa jekete lofiira amene ankamulangizayo, koma anamutchera khutu.

"Inu mwayendayenda, mwanangu?"

"Chaka chino sindinakhale pansi. Maphunziro a kadyedwe ka ana, a kasungidwe ka chakudya, a kufikira mabanja akutali. Mabwana akandiona amati, 'Uyu ndi wathu.'"

"A mabanja akutaliwo amachitikira kuti?"

"M'hotela ngati ino, m'chipinda cham'mwamba."

"Nanga gulu lanu la amayi?"

"Amandimvetsa. Ndinawasiyira zithunzi zoti aziona. Kungoti tsiku lonyamuka, mayi wina wa mapasa anandigwira mkono, akuti mmodzi watupa mapazi, phala akulikana. Ndinamuuza kuti ndikabwerako ndidzamuonetsa kaphikidwe katsopano. Ndi kamene ndikuphunzira kunoku."

"Munanyamuka liti?"

"Mvula isanayambe."

Mzere unasuntha, koma mayi waimvi anangoima ndi kapu yake yopanda kanthu.

"Pano anthu akukolola. Mwanayo alipo?"