Esi-kyu-elo wa Rosebell

— Halo?

— Halo, achimwene a Dunstan? Ndine Rosebell, kuno ku Likoma.

— Aa, mlongo wanga! Mwaswera bwanji kuchilumbako?

— Taswera, kaya inu ku Blantyre? Alamu ndi ana?

— Onse ali bwino. Mayi mwendo uja?

— Ukuwawabe, koma dzulo anafika okha kutchalitchi. Mukundimva? Ndakwera pamwala kuseri kwa msika wa Chipyela, netiweki lero ikuchita makani.

— Ndikukumva. Usipa munatumiza uja, ee, ana anachita kulimbirana...

— Achimwene, za usipa tsiku lina, mayunitsi ndi ochepa. Inu mumagwira za makompyuta. Chilankhulo chija timafunsira kompyuta kuti itulutse mayina m'kaundula, chija amalemba S, Q, L. Amachitchula bwanji?

— Wandiimbira zimenezo?

— Tangoyankhani!

— Ena amati esi-kyu-elo, ena amati sikwelo. Zonse n'zolondola.

— Zonse bwanji? Ine ndikufuna dzina limodzi.

— Kuofesi kwathu abwana amati sikwelo, ine ndimati esi-kyu-elo. Palibe wachotsedwapo ntchito.

— Kwanuko! Halo? Halo?

— Ndilipo. Iwe, mawu akowo si abwino. Kwachitika chiyani?

— Mukudziwa kuti ine ndinaphunzira m'buku limene mzungu wina anasiya kuofesi kwathu. Buku silimayankhula, achimwene. Zaka zitatu pachilumba pano sindinamvepo munthu akulitchula dzinalo. Ndiye mwezi watha kuofesi kwabwera Gomezgani, wa dipuloma yake ya ku Mzuzu. Lolemba pamsonkhano ine ndangoti esi-kyu-elo, iye phwete! Mpaka kugwira tebulo. Ati, "Asisi, ndi sikwelo." Abwana kuseka. Ngakhale woyendetsa boti, munthu wosadziwa poyatsira kompyuta, kuseka mpaka misozi.

— Asiye aseke. Pakamwa n'pawo.

— Ndikanawasiya. Koma mawa sitima ikubweretsa akuluakulu a bungwe lathu ochokera ku Lilongwe, kudzaona kaundula wa katemera wa ana. Malo a ntchito yokhazikika ndi amodzi okha, ndipo asankha mawa lomwelo. Abwana ati wokaonetsa kaundulayo ndi Gomezgani. Ine ati ndichititsa ofesi manyazi.

— Aa! Anapanga kaundulayo si iwe?

— Nanga ndani? Ndani anayenda wapansi ku Mbungo ndi ku Khuyu kukopera makhadi a ana? Magetsi akazima masana, ine ndimalemba mafunso a kompyutawo m'kope ndi cholembera, akayaka ndithamange kukataipa. Mnyamatayu dzulo ndamuuza atulutse ana a ku Khuyu amene sanamalize katemera, wangoti kukamwa yasa! Ndakwiya, achimwene. Mtima ukundiwawa zedi.

— Basi, nkhani yatha. Tamvera. Kope lakolo ulitengere kunyumba lero. Alendo akafunsa funso, aone okha amene akudziwa ntchito. Popanda kopelo mnyamatayo...

— Abwana alitenga lero m'mawa.

— Chiyani?

— Ati ndi katundu wa ofesi. Amupatsa Gomezgani kuti aloweze.

— Aa, koma abale! Taima kaye.

— Halo? Mulipo?

— Ndilipo. Iwenso unapereka bwanji?

— Ndikanakana bwanji, munthu wamkulu watambasula dzanja? N'chifukwa chake ndaimba. Ndimati mwina mundiuza kuti wolakwa ndi iyeyo, ndikawauze abwana kuti achimwene anga a ku Blantyre atero.

— Bodza sindingakunamize, mlongo wanga. Sanalakwe, iwenso sunalakwe. Koma zonsezo zili m'mutu mwako, eti?

— Zilimo.

— Ndiye mawa uvale bwino, ukhale pafupi ndi kompyutayo. Akangokakamira, iwe udzuke, unene esi-kyu-elo wako mokweza, utaipe pamaso pawo.

— Foni ikulira, mayunitsi atha. Muwapatse moni alamu.

— Wamva koma? Pafupi ndi kompyuta!

— Sindikhalamo m'chipindamo, achimwene. Ine andiika kophika tiyi wa alendo.

— Ati chiyani? Rosebell! Halo? Halo?