Nkhope ya Mkwatibwi Yatuluka Yobiriwira

Pamzera wa kwa wokonza makompyuta, mayi wina wosindikiza zithunzi pa makapu ndi malaya anali atakumbatira chikompyuta chatsopano, thukuta lili kamukamu. Bambo amene anali patsogolo pake anacheuka.

"Mayi, chatsopano chonchi chafa kale?"

"Bola chikanangofa! Ndasindikiza makapu a ukwati wa eniake, nkhope ya mkwatibwi yatuluka yobiriwira ngati tsamba. Ukwatiwo ndi Loweruka lomweli!"

"Inenso ntchito yanga ndi yomweyo. Mwayesa kusintha inki ndi pepala?"

"Ndisinthe ndi chiyani? Ndinagulitsa makina anga osokera kuti ndigule chimenechi. Wondigulitsayo anandiuza kuti popanda kompyuta yamphamvu ngati ya opanga mafilimu, mitundu siituluka bwino."

"Anakunamizani masanasana. Taonani kanga aka, kokalamba, chivundikiro ndinachita kumata ndi tepi. Chithunzi cha pakapu n'chaching'ono, sichilemetsa kompyuta. Mphamvu zambirizo zimafunika kwa opanga zikwangwani zikuluzikulu. Zobiriwirazo ndi inki, apo ayi makina omatira zithunzi pamakapu mukuwatenthetsa kwambiri."

"Ndiye mukuti makina anga osokera anapita ulele?"

"Ine sindinatero, mayi."

"Mwatero, bambo! Makina amene ndalerera ana anga onse, ndawasinthanitsa ndi chibokosi chongowomba mphepo!"

"Musakalipire ine. Kachibwezeni kwa amene anakugulitsaniyo, mukamuuze zenizeni."

"Ndikamuuze bwanji? Ndi mlamu wanga. Ndamuimbira m'mawa uno ndikulira, iye akuti mwina mphamvu yachepa, ali nacho china chachikulu kuposa ichi."