Mkazi Mnzanga wa M'botolo

Malemu anabadwa pa 14 Juni 1957, ali achitatu m'banja la ana asanu ndi awiri. Ambiri a inu mumawadziwa ndi dzina loti a Madigiri. Ine ndaimirira panoyu ndine mkazi wawo. Mbiriyi anakonzeka kuiwerenga ndi alamu anga, koma ndawapempha kuti akhale pansi. Iwo akanakuuzani za munthu amene ankamuona kawiri pachaka, pamene ine ndakhala naye zaka makumi anayi ndi chimodzi.

Malemu anayamba sukulu mu 1964. Mu 1976 analowa sukulu ya ntchito zamanja, kumene anaphunzira kukonza mafiriji. Mu 1979 analembedwa ntchito pa shopu ya mmisiri wina wokalamba, ndipo anagwira pomwepo mpaka anapuma mu 2017. Panalibe firiji imene inawakanika.

Tinamanga banja pa 6 Ogasiti 1983. Zaka zisanu ndi chimodzi zoyambirira ndinali ndekha m'nyumbamo, ndipo ndinalibe chodandaula.

Mu Meyi 1989 mmisiri wokalamba uja, posiya ntchito, anawapatsa malemu botolo lagalasi la malita awiri. Munali madzi otuwa, a thovu pamwamba, onunkha ngati buledi wosapsa. Imeneyo inali yisiti yamoyo, mbewu yofululira mowa. Ya m'sitolo umathira n'kutha. Iyi imadya, imapuma, ndipo ukamatapako pang'ono n'kuidyetsanso, siitha. Tsiku limenelo ndi limene ndinalandira mkazi mnzanga, popanda wondifunsa.

Akuluakulu, ndikuuzeni mmene mkazi ameneyu ankasamalidwira. Masiku atatu alionse ankamuwiritsira madzi a chimera, n'kudikira kuti azizire asanamupatse. Ankafuna malo osachepera madigiri 20, osapitirira 24. Akazizidwa ankagona tulo osagwira ntchito. Akatenthedwa ankanunkha ngati mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo, ndipo malemu ankati likapitirira tsiku, ndiye maliro. M'mawa uliwonse, asanandipatse moni, ankayamba agunda botolo ndi kuseri kwa dzanja, kenako n'kuviika kachipangizo koyezera kutentha, n'kulemba m'kope. Ine ndadwalapo kangapo thupi lili ngati mbaula, koma kachipangizoko sikanandikhudzepo. Ankati kangatenge matenda n'kukapatsira botolo.

Mu 1992 ndinawalukira juzi yofiira, miyezi iwiri ndikupweteka zala. Anaivala Lamlungu limodzi. Kuzizira kutayamba ndinapeza mkono wa juziyo atauduula, atauveka botolo. Nyengo yotentha, beseni losambitsira ana linasanduka la botolo: madzi mpaka theka, thaulo lonyowa pamwamba, ndipo thaulolo linali mphatso ya pa ukwati wathu. Ku ukwati wa mng'ono wanga anangokhalako mpaka masana, chifukwa linali tsiku lodyetsa.

Musaganize kuti malemu anali chidakwa. Ankafulula kamodzi pamwezi, n'kumwa kapu imodzi, wotsalawo n'kugawira anzawo Loweruka masana. Ena mwa anzawowo ndikukuonani mwakhala kumbuyoko, mwazyolika. Akanakhala chidakwa kapena wa zibwenzi, ndikanadziwa kokadandaula. Koma mkazi angapite kwa abusa kukanena kuti mwamuna wake amafunditsa botolo?

Pa 20 Okutobala 1998 ndinatulutsidwa m'chipatala nditachitidwa opaleshoni. Ndinadikira pa benchi maola anayi, malemu osabwera. Kunja kunatentha kwambiri, ndipo iwo anali kunyumba kusintha madzi a m'beseni. M'mawa mwake, atapita kuntchito, ndinavula botolo thaulo lake n'kuliika pazenera la kukhitchini, pamene dzuwa limamenya. Linakhala pamenepo mpaka 3 koloko, ndiye ndinalibweza m'beseni ngati palibe chachitika. Zimenezi sindinauzepo munthu, ngakhale ana anga akuzimva lero. Malemu atabwera ananunkhiza, nakhala pansi. Kenako anataya zonse, n'kusiya kansenga ka pansi kokwana supuni imodzi. Anakalera masiku asanu ndi anayi, kukadyetsa pang'onopang'ono ngati khanda lobadwa masiku osakwana. Tsiku lakhumi thovu linabwerera. Sanandifunse kanthu, ndipo ine ndinkati ndapulumuka.

Malemu anayamba kudandaula mtima mu Febuluwale chaka chino, ndipo anagonekedwa m'chipatala pa 3 Seputembala. Ndikalowa ndi chakudya, funso loyamba linali la madigiri. Tsiku lina ndinangowayankha kuti 22, ndisanayeze. Anandiyang'ana, n'kundiuza kuti ndi mphepo imene inkalowa pazenera la wodiyo, kukhitchini kwathu sikungapitirire 19. Nditabwerera kunyumba ndinayeza. Inali 19. Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuyeza m'mawa ndi madzulo, kuwiritsa madzi a chimera, kuveka ndi kuvula mkono wa juzi yanga yomwe ija, kuti ndikhale ndi choona chokawauza.

Anatisiya pa 17 Seputembala 2024, nthawi ya 10 koloko m'mawa. Mawu awo otsiriza anali oti ndisunthire botolo kuseri kwa kabati, chifukwa dzuwa layamba kufika pakona pamene limakhala. Anga ine mawu otsiriza sindinalandire.

Dzana ndinatsegula makope awo. Alipo khumi ndi limodzi, tsiku ndi tsiku kwa zaka makumi atatu ndi zisanu. Ndinkadzifunafuna ndekha, ndipo ndinadzipeza katatu. Koyamba ndi tsiku limene ndinabereka mwana wathu wotsiriza. Kachiwiri ndi tsiku limene mayi anga anamwalira. Kachitatu ndi pa 21 Okutobala 1998, pamene analemba kuti botolo lapsa ndi dzuwa, kuti aliika pazenera ndi amayi a m'nyumba, ndipo kuti ali ndi chifukwa. Basi. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi akudziwa, osandinyoza ngakhale kamodzi. Ena mwa inu munena kuti chimenecho ndi chikondi. Mwina. Ine ndikuona kuti ngakhale mkwiyo sanandigawireko, mphamvu zonse zinapita kwa wodwala wa m'botolo.

Tsopano ndiyankhe nkhani imene yakhala ikunong'onedwa pakhomo pano chimwalirire malemu. Alamu anga abwera ndi chikwama, akuti botolo ndi la kumtundu kwawo, ndipo mkazi sangalikwanitse. Akufuna kuliika kumbuyo kwa galimoto, ulendo wa maola asanu, padzuwa ili. Alamu, ine ndinalephera kulipha ndi dala, inu mukufuna kulipha ndi chikondi. Botolo silituluka m'nyumba muno. Palibe amene amalidziwa kuposa amene wakhala akudana nalo zaka zonsezi. Wofuna mbewu abwere ndi kachipangizo kakekake koyezera, andionetse kuti amatha kukawerenga, ndimutapira supuni imodzi. M'mawa uno ndayeza, ndi 22, ndipo thovu lili bwino.

Malemu asiya mkazi, ana atatu, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, azing'ono awo awiri, mlongo wawo mmodzi, ndi botolo la zaka makumi atatu ndi zisanu.

M'malo mwa banja lonse ndithokoze anamwino amene anawasamalira, ngakhale ankawatsutsa pa kayezedwe ka thupi lawo lomwe. Ndithokoze a mpingo, anzawo akuntchito, ndi onse amene mwatithandiza mipando ndi mayendedwe. Ndithokoze mwapadera aneba anga atelala, amene aima pakhomo la khitchini masiku atatu kuletsa anthu kuyatsa moto mkatimo. Abusa, ndikupempha kuti ulaliki usatalike. Pofika 3 koloko khitchini imakhala itatentha, ndipo madzi a m'beseni afunika kusintha.

Bambo a ana anga, pitani bwino. Tikukhulupirira kuti kumene mwapitako sikupitirira madigiri 24. Mkazi wanu wamng'ono musamudere nkhawa, ndimufunditsa ndine. Mzimu wanu uuse mumtendere.