Cholakwa cha pa Tsamba 41

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo. Ambiri mumanditchula a Nyuzi. Dzina langa ndi Filipo Mwale, wa konkuno ku Chia. Zaka khumi ndi ziwiri ndinali mtolankhani pa boma. Ulamuliro wa chipani chimodzi utatha, ntchito inathanso, ndipo ndinabwerera kudzalima mpunga ndi chinangwa. Koma kuwerenga sindinasiye. Ndimawerenga ndi cholembera chofiira m'manja. Ndikapeza cholakwa, ndimachonga.

Mukukumbukira, titangovota, mabuku amene tinkabisa m'matumba a mpunga anayamba kuyalidwa poyera pa depoti. Dzinja lapitali ndinawerenga atatu, onse a mbiri ya moyo wa anthu.

Loyamba linali la m'busa wina wakale. Buku lonenepa, koma tchimo ngakhale limodzi mulibe. Ndinati munthu wotere sanabadwepo. Lachiwiri linali la wandale. Wolembayo anasokoneza zaka, mpaka Dwambazi anauika kum'mwera kwa boma. Ndinachonga malo khumi ndi awiri, uku ndikuseka.

Lachitatu kanali kabuku kopyapyala, ka inki yotuwa. Mbiri ya aphunzitsi a Chimwala a ku Liwaladzi, amene anatsekeredwa zaka zisanu popanda kuzengedwa mlandu, n'kumwalira atangotuluka. Analemba ndi mwana wawo, Esinati. Abale, kabuku kameneko n'koona. Muli sopo amene akazi awo ankatumiza koma osafika. Muli ngakhale ukali wa bambowo m'kalasi, mwanayo sanabise. Masamba makumi anayi ndinadutsa osachonga kanthu.

Pa tsamba 41 panalembedwa kuti amene anawaneneza anali ahedi a pasukulupo, a Nkhoma.

Chimenecho chinali cholakwa, ndipo wochidziwa ndinali ine ndekha ndi Mulungu. A Chimwala anadandaula m'basi kuti ana akujomba kusukulu chifukwa choyeserera magule a misonkhano ya chipani. Ine ndinali pampando wakumbuyo kwawo. Ndinazilemba mu lipoti limene ndinkatumiza kwa akuluakulu a boma Lachisanu lililonse. Mizere inayi basi. Sabata isanathe, galimoto ya apolisi inabwera kudzawatenga.

Mizere inayi, abale. Zaka zisanu.

Kabukuko kanazungulira m'midzi. Anthu anasiya kuwapatsa moni a Nkhoma. Pamaliro ankakhala okha. Ine ndinali chete, cholembera ndatsekera m'sutikesi. Kupemphera kunandikanika. Chakudya sichinkatsika.

Tsiku lina ndinakumana ndi a Nkhoma pamsika wa nsomba. Anali atawonda, jekete likulendewera. Anandigwira dzanja.

"A Nyuzi, inu za mapepala mumazidziwa. Bodza likasindikizidwa, amalifufuta bwanji?"

Ndinawayankha kuti ndikaganiza. Nditafika kunyumba ndinangokhala pakhonde. Mkazi wanga Nabanda anandifunsa mpaka ndinaulula zonse. Sanalire, sanakuwe. Anangoti, "Za Dwambazi munakonza tsiku lomwelo. Nanga za munthu wamoyo mukudikira chiyani?"

Ndikukhulupirira kuti Ambuye analankhula kudzera mwa iye. M'mawa mwake ndinakwera matola wa ku Liwaladzi. Ndinamupempha Esinati kuti aitanitse a Nkhoma. Atafika, ndinatsegula tsamba 41 pamaso pawo, ndinadula dzina lawo ndi cholembera chofiira, n'kulembapo langa.

Esinati anawerenga dzina langalo. Kenako anati, "Zoti ndakukhululukirani sindinena lero, ndinganame. Koma zimene mwalembazi mukaziwerenge nokha kutchalitchi kwathu, a Nkhoma ali pomwepo."

Ndinakawerenga Lamulungu lomwelo. Sindinalumphe liwu ngakhale limodzi. Potuluka, anthu anaima pamzere kuwagwira chanza a Nkhoma. Ine sanandigwire. Zinandiyenera.

Lero ndikudya, ndikupemphera. Ena a ku Liwaladzi sandiyankha moni, ndipo sindikuwadandaula. Esinati anandilola kutayipa timapepala tokonza cholakwacho, ndipo kabuku kalikonse kamene ndakapeza ndimamatamo kamodzi ndi phala la chinangwa. Ndikuyamika Mulungu kuti a Nkhoma abwezeredwa dzina lawo adakali moyo. Ndikumuyamika kuti sanandisiye ndife ndi mizere inayi ija.

Ndikudziwa kuti muno ena muli nako kabukuko. Musakabise pondichitira manyazi. Bwerani nako sabata yamawa. Mundipeza pakhomo paja, timapepala ndili nato. Amen.