Akuti Ndinamanga Mvula ndi Zidina

Abusa, ndakulonjerani. Akulu a mpingo, azimayi anzanga, ana inu kumbuyoko, mtendere wa Ambuye. Aleluya! Iii, mwayankha ngati simunadye. Aleluya! Eya, tsopano. Ndikufuna kuchitira umboni. Maikiyi chotsani, pakamwa pangapa pakwana.

Mukudziwa nonse kuti chaka chija napolo atatsika m'phiri la Michesi ananditengera nyumba. Ndinatsala ndi chitenje chomwe ndinavala. Zaka ziwiri ndikugona m'khitchini mwa mlamu wanga, pamodzi ndi nkhuku. Ndiye chaka chatha ndinati ayi, ndiumbe zidina. Ndekha! Nkhalamba ine, chikombole chobwereka, madzi a kumjigo pamutu. Anzanga amaumba mu Ogasiti n'kumaliza. Ine msanawu, pang'ono chabe ndagona. Novembala anandipeza ndikuumba. Disembala anandipeza ndikuumba.

Mvula inagwa kamodzi, anthu n'kubzala, basi n'kudula. Mitambo imabwera paphiripo, bii! Anthu n'kutulutsa zidebe. Kenako mphepo fuu, kumwamba mbee! Chimanga n'kupota masamba ngati anyezi.

Ndikafika kumjigo, azimayi n'kuyamba kutsinana. Wina chapansipansi: "Woumba zidina safuna mvula." Wina: "Mwaliona duku lofiira lija? Akalikupiza, mitambo imathawa." Duku, abale! Londipatsa mwana wanga, lopukutira thukuta!

Lachiwiri lina, dzuwa lili paliwombo, anabwera. Amuna ndi mipini, azimayi ana kumbuyo ngati akupita kusikelo. Kutsogolo ndani? Mlamu wanga yemwe uja.

"Agogo, masulani mvula!"

Ine: "Ndimasule chiyani, mlamu? Mtolo wa nkhuni ndikamanga umamasukira panjira, ndiye ndimange mvula?"

Mlamuyo mbama, phaa! "Mwaumva mwano wa mfiti?"

Anaponda zidina zanga, chimodzichimodzi, akuimba. Thukuta la miyezi inayi. Duku anatentha. Ine anandikhwekhwereza n'kundikhazika pathanthwe lotentha. Ndinapempha madzi. Mayi wina, amene ana ake awiri pobadwa anagwera m'manja mwangamu, anabwera ndi chikho, n'kuthira pansi ine ndikuona. "Nthaka ikumva ludzu, agogo. Nanunso mulimve." Dzino apa palibe, onani. Abusa, musayang'ane kumbali, onani!

Pochoka anati, "Tamasula. Mawa igwa."

Tsopano imvani tchimo langa. Ndili gone pazidina zophwanyikazo, ndinapemphera: "Mulungu, isagwe! Ikagwa mawa ati zinali zoona, ndiye ndafa ine. Umitsani minda yawo, adye mizu!" Ndipo siinagwe. Mawa ayi. Mkuja ayi. Sabata yathunthu ayi. Ine mumtima: "Ehe! Psa!" Sabata ziwiri, chimanga cha mlamu chauma gwa, ine kuseka ndi milomo yotupa.

Kenako ndinamva kuti gulu lomwe lija lapita kwa nkhalamba ina kutsidya kwa mtsinje, yosaona, yoti ngakhale mtambo siiudziwa kuti uli mbali iti. Anaithyola mkono. Pamenepo mtima unandifunsa: "Iwe, ukuseka chiyani? Iwo akuti mvula ili m'manja mwako, nawenso wayamba kukhulupirira?"

Ndinagwada, abale. Ndinati, "Atate, inu amene amayi anga ankati Muluku, munaumba Michesi popanda chikombole. Mulanje munamukhazika apo osatunga madzi kumjigo. Napolo uja sindinamuitane ine. Dzuwali sindinaliitane ine. Mvula ndi yanu. Mukafuna gwetsani, mukafuna sungani, ine ndatulukamo."

Sikuti inagwa tsiku lomwelo, ndisaname m'nyumba ya Mulungu. Panapita masiku enanso, anthu atatopa, atasowa woti amumenye. Inagwa Loweruka m'mawa. Palibe anamenyedwa, palibe anamasula kanthu. Inangobwera yokha, waa!

Ine ndi ndodo yanga, tiye kuminda, ndikunyowa. Ndimati ndikaone, kodi idumpha munda wa mlamu? Siinadumphe! Nanga wa mayi wa chikho uja? Madzi thoo m'mizere! Ndinayang'ana kumwamba: "Atate, ngakhale awa?" Ngakhale iwo, abale. Ngakhale iwo. Anabzalanso, nandolo anabereka. Ana awo ali moyo, ndi awo akusokosa kumbuyoko.

Nyumba ndilibebe, ndikugona kwa mwana wa mchemwali wanga. Zidina zija zinabwerera kudothi, pamera maungu. Mkono wa nkhalamba ija unalunzika mokhota. Dzino silimera. Koma mpweyawu akundipatsa ndani? Mlamu? Iyayi! Amene amatulutsa dzuwa osafunsa munthu, amene amadyetsa mpheta pamodzi ndi ondimenya, ndi yemweyo wandisunga. Zikomo Yesu! Zikomo Atate!

Ena amene munabwera Lachiwiri lija muli muno. Sinditchula maina, mwaweramitsa kale mitu. Dzutsani! Manja anu ndimawadziwa, ndi amphamvu, ndinawalawa. Lero muwaombere Mwini mvula. Kondwerani nane! Ombani! Azimayi, nthungululu ili kuti? Mlamu, sindikumva! Tsiku lija zimamveka mpaka kumsewu. Ombani!

Aleluya!