Msuweni wanga anandiyeza ndi phesi ndili moyo

Abale ndi alongo anga mwa Ambuye, moni nonse, apabenchi ndi apamphasa omwe. Mulungu atamandike chifukwa wandiimikanso pamaso panu ndi miyendo yanga.

Ambiri mukundidziwa. Kwa alendo amene mwachokera ku Bowe, ine ndine Damiano wa kuno kwa Dzoole, mlimi. Mawu anga ndi aakulu chibadwire. Ndikaitana ng'ombe zanga kudambo, za eni ake kutsidya kwa mtsinje zimatembenukanso. Sukulu ndinalekezera Sitandade 2, koma pepalali ndalemba ndekha, masiku asanu. Ndalemba chifukwa ndimadzidziwa. Ndikangoyankhula zapamtima ndidzitama mpaka dzuwa kulowa, ndipo chimene ndaimira pano sindichinena.

Ndili ndi msuweni wanga, Felista, mwana wa malume anga. Uyo wakhala kumbuyoyo pafupi ndi chitseko, wa duku lofiirayo. Tinakulira bwalo limodzi. Inu mukudziwa mmene chisuweni chimayendera kwathu kuno. Msuweni amakunyoza, iwe n'kumubwezera, palibe mlandu. Akhoza kulowa m'khola mwako n'kugwira nkhuku iwe ukuona. Felista ankanditcha mwamuna wake pamaso pa mayi akunyumba kwanga, a Naphiri, n'kumati, "Mayi, mundisungire bwino chidempete changachi, ndidzachitenga ndikamanga khola." A Naphiri ankaseka mpaka misozi. Ine ndinkabweza, ndinkati miyendo yake ili ngati mitengo ya chigafa cha fodya, yokhota koma yosagwa. Tinamera imvi tikutero.

Kenako munandisankha kukhala wapampando wa tchalitchi chathu chino. Ndikunena pamaso panu, mpando umenewo unandilowa m'mutu. Ndinapita ku Mponela kukagula jekete lakuda pa kaunjika, ndinalisita ndekha ndi simbi ya makala. Lamulungu limene anandionetsa kwa anthu, titatuluka Misa, ndinaima panjapo pafupi ndi belu, ndikugwirana chanza ndi akuluakulu ochokera ku parishi. Felista anadzera kumbuyo kwanga ndi ufa m'kansalu, nthungululu ili pakamwa, n'kundithira ufawo kumutu monga timachitira munthu akapambana. Ufa unatsikira pajekete ponse. Anafuula kuti, "Mwamuna wanga wakwera, lero ndidya nyama!" Anthu anaseka.

Ine sindinaseke. Ndinaona alendo aja akubisa mano, ndinamva ngati andivula. Ndinatembenuka ndi mawu angawa, onse, osasiyako. Ndinati, "Mayi iwe, ukundiona ngati mnzako wa masanje? Chisuweni chatha lero. Kuyambira pano uzindipatsa ulemu." Ena mwa inu munalipo. Felista anapukuta manja kuchitenje, anagwada pansi ndi maondo ake okalambawo, n'kunena kuti, "Pepani, bambo wapampando. Sizichitikanso."

Ndipo sizinachitikenso. Abale anga, ulemu umene ndinaupempha ndinaulandira wonse. Zaka zisanu ndi chimodzi. Tikakumana panjira ya kuchigayo, Felista ankapatuka, kugwada, "Mwaswera bwanji, bambo?" n'kumapita. Nkhuku zinachuluka m'khola mwanga, wozigwira panalibe. Amuna ake atamwalira ndinapita ngati wapampando, ndinayankhula bwino, anthu anayamikira. Koma ntchito ya msuweni pamaliro si kulalikira, ndi kukhala pambali pa wofedwayo n'kumupepuza mtima. Ine ndinangomugwira chanza n'kubwerera kumipando ya akuluakulu.

Ena ataona zimene ndinamuchita msuweni wanga weniweni anati, nanga ife atichita zotani? Ndikafika pa bawo pansi pa mkuyu, amuna ankasiya kuseka, aliyense n'kukumbukira ntchito kwake. Kunyumba a Naphiri anasiya kuimba potsuka mbale. Ine ndinkati zili bwino, anthu adziwa kuti wamkulu ndani. Ndinkati masewera ndi a ana, munthu wa imvi azikhala wolimba nkhope. Ndinafika poletsa kwaya kuvina pa nthawi ya zopereka. Mukukumbukira, musanamizire kuiwala.

Chaka chatha, nthawi yothyola fodya, ndinali m'chigafa ndikupachika. Ndinamva mkono wamanzere ukulemera ngati wanyamula thumba la feteleza. Ndinafuna kuitana, mawu osatuluka. Ine, Damiano, mawu osatuluka. Ndinagwera pansi pomwepo. Anandinyamula pangolo mpaka pamsewu, kenako galimoto mpaka kuchipatala. Adokotala anati ndi sitiroko, magazi anathamanga kwambiri. Ndinabwerako patatha milungu itatu, mbali imodzi itafa, pakamwa patapotoka, malovu akutuluka ine osawamva. Anamwino anati ndiziyesa kuyankhula, ndiziyesa kufinya dzanja, ndiziyesa kuima. Ndinakana. Mumtima ndinati munthu ngati ine sangamachite chibwibwi pamaso pa anthu ngati mwana wophunzira kuyankhula.

Munabwera kudzandiona, ndipo ndikuthokoza. Ena munabwera ndi mapemphero, ena ndi nthochi. Koma ndikuuzeni zoona. Munkalowa monyang'ama, kukhala m'mbali mwa khoma, kumanong'onezana. "Agona bwanji bambowa?" Mukufunsa a Naphiri, ine ndili pomwepo ndikumva. Palibe amene anandiyang'ana m'maso. Sindikukuimbani mlandu, amene anakuphunzitsani zimenezo ndine. Nyumba yanga inasanduka ya siwa, kungoti maliro ake ankapuma. Ndinatembenukira kukhoma. Phala ndinkalikankha. A Naphiri ankakalirira kuseri kwa nkhokwe kuti ndisamve, koma makutu anga sanafe nawo.

M'masiku amenewo ndinkalakalaka munthu mmodzi yekha. Mapazi akamveka pakhomo ndinkati mwina ndi Felista. Sanali iye. Mawa lake, sanali iye. Ndinkapemphera mumtima, poti pakamwa panalibe ntchito: Ambuye, musanditenge ndisanamupepese mwana wa malume anga. Koma a Naphiri atandifunsa kawiri konse kuti, "Bambo, ndikawaitane asuweni anu?" ine ndinapukusa mutu. Mwaona? Mbali ina ya thupi inafa, koma kunyada kunali kudakali ndi mphamvu zake zonse.

Lachinayi lina m'mawa, anthu atayamba kale kukolola, amayi anayi a mphakati wathu anali m'chipinda mwanga akupemphera kolona motsitsa mawu. Chitseko chinatsekuka popanda odi. Felista. M'manja atanyamula phesi la chimanga lalitali, louma. Sanagwade. Sanapereke moni. Anabwera pamphasa pamene ndinagona, anagoneka phesi lija m'mbali mwanga kuyambira kumapazi mpaka kumutu, monga timachitira poyeza maliro kuti adzukulu adziwe kutalika kwa manda.

A Naphiri anagwira pakamwa. "Asuweni, mukutani?"

"Ndikuyeza mwamuna wanga," anatero Felista. "Adzukulu akuti nthaka ikuuma, akachedwa athyola makasu. Tambasula mwendowo, Damiano, usatinamize. Ukufuna akukumbire una wa mbewa?"

Amayi a kolona aja analekezera pakati pa Tikuoneni Maria. Mmodzi anati, "Mayi, muziopa Mulungu." Felista sanamuyang'ane n'komwe. Anathyola phesi pamene panathera mutu wanga, analiimika pansi, analiyang'ana, n'kupukusa mutu.

"Kafupi chonchi? Phokoso lonse lija linkatuluka m'kamunthu aka? Matabwa awiri akwana. Ndipo jekete lija musamuveke, mayi. Mbuzi yanga ikumva kuzizira."

Abale, mkwiyo unandikwera kuchokera kuzala za kumapazi. Ine wamfupi? Ine amene ndinkapachika fodya pamtanda wapamwamba popanda chokwerapo? Ndinadzuka ndi chigongono, ndinatambasula dzanja lamoyoli, ndinaligwira phesi lija. Iye kukoka, ine kukoka. Nkhalamba ziwiri kulimbirana phesi. Ndiye pakamwa panga popotokapo panatuluka mawu, oyamba m'miyezi iwiri, okhota koma omveka mpaka kunkhokwe: "Choka apa, kadzidzi iwe!"

Felista anataya phesi, ine n'kugwa nalo chagada.

"Mwamva?" anatero kwa amayi aja. "Maliro akutukwana. Kauzeni adzukulu abwerere kumunda."

Amene anayamba kuseka ndi a Naphiri, kuseka kosakaniza ndi kulira. Kenako amayi a kolona, mmodzimmodzi, mpaka uja wa muziopa Mulungu yemwe. Kenako ndinamva chinthu chikundigwedeza m'chifuwa, ndinayesa ndatsamwa. Kunali kuseka. Kunatuluka koipa, kwa mbali imodzi, malovu ali chuchuchu, ndipo sindinachite manyazi. Felista anakhala pansi, anandipukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje chake. Maso ake anali ofiira. Anati, "Bweretsani phala, mayi. Akakana ndimwa ine, iye akuona." Ndinamaliza mbale yonse, kuti asalaweko ngakhale supuni imodzi.

Pambuyo pake ndinadzamva kuti a Naphiri anapita okha kwa iye, osandiuza. Anakamuuza kuti, "Mwamuna wanu uja akufa ndi ulemu." Felista anakhala masiku awiri akulimbana ndi mtima wake, chifukwa tsiku la ufa lija ndinamupweteka zedi. Tsiku lachitatu anadzera m'munda n'kuzula phesi.

Kuyambira pamenepo mankhwala ndikumwa, kuchipatala ndikupita, zimene ananena anamwino ndikuchita. Koma tikuzichita mwamasewera. Anati dzanja lofookali lizigwira ntchito, ndiye masana aliwonse ine ndi a Naphiri timapikisana kuswa mtedza pakhonde, aliyense ndi mbale yake. Amapambana ndi iwo nthawi zonse, kupatula akanyamuka kukaona pamoto. Pamenepo mbale yanga imadzaza modabwitsa. Amadziwa. Akabwera amandigenda ndi makoko. Zaka makumi anayi tili m'banja, sindinkadziwa kuti mayiwa akagenda saphonya. Tsiku lina linandilowa m'khutu khoko, tinaseka mpaka anansi anabwera kudzaona ngati ndagwanso.

Kuyenda ndinaphunzira pothamangitsa Felista. Amabwera Lachiwiri lililonse, kunditengera ndodo n'kukaiimika patali pang'ono kuposa sabata yatha. Poyamba inali pakhomo, kenako pa mtondo wosinjira, panopa yafika pa mpapaya wa kumsewu. Ndimamutukwana njira yonse, iye akuwomba m'manja ngati akuitana nkhuku. Pa bawo ndinabwerera. Amuna aja poyamba ankandilekerera kuti ndipambane, mpaka ndinawauza kuti amene andimverenso chisoni alawa ndodoyi. Tsopano amandidya mopanda chifundo, ndipo anandipatsa dzina, akuti ndine a Bwererani. Ndikafika amati, "Sunthani, maliro abwera kudzasewera." Dzinalo ndinalilandira, ndipo akandiitana ndimavomera.

Mkono sunabwerere wonse. Mphepo ya kumapiri a Ntchisi ikawomba mwezi wa Juni umandipweteka ngati dzino. Fodya ndinasiya, tikulima mtedza ndi chimanga basi. Mpando ndinatula, ndipo amene munawasankha akuugwira bwino, ngakhale kuti mawu awo safika kumbuyoko. Koma ndimadzuka m'mawa mtima uli wopepuka, abale anga, wopepuka ngati ndatula mtolo wa nkhuni umene ndinkauyesa chipewa chaufumu. A Naphiri ayambanso kuimba potsuka mbale. Saimba bwino, koma ndimamvetsera. Ndipo inu a kwaya, vinani. Ndinakulakwirani. Mulungu amene anandibwezera mawu kudzera m'chipongwe cha nkhalamba sangakwiye ndi mapazi anu.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la munthu wopanda pakamwa. Ndikuthokoza a Naphiri, amene sanamvere mutu wanga umene unkapukusa. Ndikuthokoza inu nonse, a nthochi ndi a kolona.

Chatsala chimodzi, chimene ndalembera pepalali. Felista ndimaseka naye tsopano, koma mawu amene ndinawalonjeza Ambuye ndili pamphasa sindinamuuzebe. Ndikangoyamba, iye amandidula ndi chipongwe, ine n'kupezerapo pothawira. Ndinamuchititsa manyazi pabwalo lino pamaso panu, ndiye ayenera kuwamva pomwe pano, m'tchalitchi, mmene sangandidule.

Felista, mwana wa malume anga. Iwe unabwera kudzandisangalalira, ine ndinakubwezera manyazi. Unagwada pamaso pa anthu popanda chimene unalakwa. Unaika amuna ako m'manda wopanda msuweni pambali pako. Pepa, msuweni wanga. Undikhululukire.

Ndanena kamodzi, ndipo ndanena mokweza. Ngati sunamve, vuto ndi makutu ako okalambawo, ine sindibwereza. Amen.