Matailosi a alamu anga ndinawakana

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Inunso amene munkandiseka podutsa pakhomo panga m'komboni muno mu Kanyama, moni, khalani pansi mumve. Ndikufuna ndichitire umboni za mwana wanga Tamara, amene anatsala pang'ono kuchotsedwa m'manja mwanga chifukwa cha pansi pa nyumba.

Amuna anga atamwalira anandisiyira nyumba ya zipinda ziwiri ndi mwana mmodzi yekhayu. Pansi pake panali simenti yakale, yong'alukang'aluka. Odziwa Kanyama akudziwa kuti kuno madzi sachokera kumwamba kokha, amatumphukanso pansi. Ine chifukwa cha manyazi ndinkagula kapeti ya pulasitiki ya maluwamaluwa n'kuyala. Ikang'ambika sindinkaichotsa, ndinkangoyala ina pamwamba pake, kuti alendo aziona maluwa, asaone ming'alu. Musandiyang'ane choncho, ambirife m'komboni timatero.

Tamara ali ndi mphumu, ndipo dzinja lililonse chifuwa chake chinkalira ngati wenzulo. Tsiku lina masana anabanika mpaka milomo kuda. Ndinamubereka mwana wamkulu wapasukulu, n'kuthamanga naye m'matope opanda nsapato. Kuchipatala anamuika pa mpweya, ndipo namwino anandifunsa ngati m'nyumba mwathu muli chinyezi. Nditabwerera ndinakanganula makapeti onse aja. Mayo ine! Pansi panali chuku chakuda bii, chonyowa, fungo lake lotseka kukhosi. Mwana wanga ankagona pamwamba pa zimenezo.

Nkhani inafika ku Matero kwa alamu anga, ba Zulu, akulu awo a malemu. Anabwera pa galimoto, ndipo sanakhale n'komwe pampando.

"Mulamu, iyi nyumba izapaya mwana wa mung'ono wanga," anatero. "Nili na matailosi yanasala kunyumba kwanga, tifake pamwamba apa. Ngati simufuna, mvula ikayamba Tamara nizamutenga."

Ndinagwada mwaulemu, ndinathokoza, koma ndinakana. Ndinali nditaona kwa anzanga amene anamata matailosi pa simenti yonyowa. Dzinja likafika ukapondapo madzi amatuluka m'mipata, fungo lili pomwepo. Kuphimba ndi kumene kunandipwetekera mwana, ndiye ndiphimbenso? Achibale ananditcha wonyada, ena ankati mkazi wamasiye wokana mphatso ali ndi wina womupusitsa. Zinandiwawa kwambiri, koma sindinasinthe mawu.

Koma abale, kukana n'kosavuta, chovuta n'kukhala wekha pambuyo pake. Miyezi inkapita, kutentha kunafika, mitambo inayamba kusonkhana, ine njira ndilibe. Ndikamuona Tamara akusewera, mtima unkandiuza kuti posachedwa ndidzakhala ndekha m'nyumba muno. Pemphero langa silinali lofatsa ayi. Ndinati, "Inu Mulungu, munanditengera mwamuna, ndinalira, ndinatonthola. Koma mwana uyu ayi. Ndikukana!"

Yankho linadzera kwa munthu amene sindinkamupatsa ndi moni yemwe. Kuseri kwa mpanda wanga kumakhala ba Mwansa, ndipo dzinja lililonse tinkatukwanizana chifukwa cha ngalande, iwo akulozetsa madzi kwanga, ine ndikuwabwezera kwawo. Nditawaona akulowa pakhomo panga m'mawa wina, ndinamanga chitenje zolimba kukonzekera ndewu.

"Amake Tamara, sininabwelele ndeo," anatero. "Mwana wanu akamakosomola timamvela kwathu. Vimanibaba."

Sindinkadziwa kuti ntchito yawo ndi yosalaza pansi m'masitolo akuluakulu. Anandiuza kuti tiphwanye simenti yonse yovundayo, tikweze pansi, tiyale pulasitiki yotchinga madzi, tithire konkire yolimba. Ikauma adzabwera ndi makina awo n'kuikwecha mpaka isalale, pasakhale mpata kapena mng'alu wobisala chinyezi. Ndinayang'ana kumwamba, ndinati Ambuye, mwasowa wina womutuma? Koma ndinavomera.

Abambo akumpingo anabwera ndi nyundo n'kuphwanya. Miyala ndinaswa ndekha mpaka manja kuchita matuza, simenti amayi akumpingo anasonkha. Tamara ankagona kwa mnzanga pothawa fumbi. Konkire itathiridwa ndinkaithirira madzi tsiku ndi tsiku, anthu akusuzumira pazenera n'kumaseka. Wina anati nyumba yanga idzakhala ngati mochale. Wina anati, "Mwakana matailosi yamahala kuti mugone pa simenti monga mbuzi?" Ndinkangoti sekani, mano ndi anu.

Ba Mwansa anabwera ndi makina aja Loweruka, anakwecha tsiku lonse akuthira madzi, anapaka mankhwala olimbitsa, anakwechanso. Atamaliza ndinawerama n'kuyang'anitsitsa. Timiyala tija ndinaswa ndi manja anga tinkaoneka m'katimo tikunyezimira, pansi pali see.

Mvula inabwera yaukali, ndipo tsiku lina madzi analumpha khomo n'kulowa. Ndinatenga tsache, ndinawakankhira kunja, ndinapukuta, pofika masana pansi panali gwa. Mwezi unatha Tamara asanabanike. Kampope kake ka mankhwala a mphumu timakasungabe ndipo kuchipatala timapita, koma anayamba kugona mpaka kucha.

Ba Zulu anasunga mawu awo, anabwera ndi galimoto kudzamutenga. Anaima pakhomo, anavula nsapato, anawerama n'kukhudza pansi ndi chikhatho, kenaka n'kuchinunkhiza. Nthawi yomweyo Tamara analowa akuthamanga kuchokera kusukulu, atanyowa, akuseka, mpweya uli bwinobwino. Alamu anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Manje nizabauza chani kunyumba?" anandifunsa.

"Mukawauze kuti mwana ali kwa mayi ake," ndinayankha.

Galimoto inabwerera ndi munthu mmodzi. Ine ndinagwada pa simenti yangayo n'kulira mokweza, osasamala kuti ndani akumva.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanakwiye ndi pemphero langa laukali, ndikuthokozanso amumpingo ndi ba Mwansa. Iwe mlongo wanga wamasiye amene akukuuza kuti ulandire chilichonse chifukwa ulibe mwamuna wokulankhulira, limba mtima. Ngati ukudziwa chimene chikupha mwana wako, kana, ngakhale mawu akunjenjemera, ndipo upemphere osaleka. Ine ndinakana ndili chogwada, ndipo Tamara ndikumulera ndekha. Ameni.